Galimoto ikasintha khalidwe mutaiveka marimu aakulu

Nkhaniyi imayamba chimodzimodzi pafupifupi kwa aliyense. Galimoto yafika kuchokera ku Japan, yalowera pa Songwe kapena pa Mwanza, za mapepala zatha, ndipo mwini wake waima chapatali n'kumaiyang'ana. Zonse zili bwino kupatula marimu, amene akuoneka ngati akumira m'madigadi. Altezza, Mark X, Impreza, Golf GTI, BMW ya E46 kapena E90, zonsezi zimakongoladi zikavala marimu odzaza bwino, ndipo sindinganyoze munthu wozifunira zimenezo. Mwezi ukatha wagula a mainchi 18 kapena 19, ndi matayala opyapyala aja. Masiku oyamba amayenda mu Chipembere Highway mtima uli mbee. Pakapita milungu ingapo madandaulo amayamba: chiwongolero chikunjenjemera, galimoto ikudzisankhira yokha njira, pokhota ikudumphadumpha, tayala latupa.

Ine ndinadutsamo ndi Golf 5 GTI. Inabwera ndi 225/45 R17, ndinaiveka 235/35 R19, ndipo dzinja limodzi lokha linandidyera matayala awiri ndi rimu imodzi. Chimene chinandiwawa kwambiri n'chakuti galimoto imene ndinkaikonda chifukwa chogwira msewu inayamba kundichititsa mantha pa makona a msewu wa ku Thyolo, omwe kale ndinkawadutsa mtima uli m'malo.

Chimene ndinachedwa kumvetsa ndi ichi: khoma la tayala, mphira uja uli pakati pa rimu ndi tala, sanauike kuti ungodzaza malo. Ndiye sipuling'i yoyamba ya galimoto. Mukakulitsa rimu mumachotsa gawo la sipuling'iyo, ndipo ntchito imene inkagwira imagwera mashoko, mabushi, rimu ndi manja anu. Pa msewu wosalala galimoto imapindula, chifukwa imamvera chiwongolero msanga. Pa misewu ya mu Blantyre phindulo limatha msanga inchi iliyonse imene mwaonjezera.

Ngati marimu akale mudakali nawo, abwezereni kwa tsiku limodzi ndipo muyende njira yomwe ija imene vuto limaonekera. Likatha, mlandu uli pa mawilo atsopano. Likangochepa osatha, ndiye kuti pansi pa galimoto pali chakutha chimene matayala akale ankabisa. Kuyesa kumeneku kumakupulumutsani ku zogula zambiri zongoganizira.

Werengani manambala kaye

Pa 225/45 R17, nambala yoyamba ndi m'lifupi mwa tayala, mamilimita 225. Yachiwiri ikutanthauza kuti khoma ndi 45 peresenti ya m'lifupimo, mamilimita 101. Rimu ya mainchi 17 ndi mamilimita 432, ndiye mukaphatikiza makoma awiri, wilo lonse likutalika mamilimita 634. Kutalika kumeneku ndi kumene sipidomita, giya, ABS (makina oletsa mawilo kuloka poponda buleki) ndi malo a m'madigadi anazipangira, ndipo sikuyenera kusintha kupitirira 3 peresenti.

Tayala la 225/40 R18 limapereka 637, pafupifupi chimodzimodzi, koma khoma latsika kufika pa 90. La 235/35 R19 limapereka 647, khoma 82. Kuchoka pa 101 kufika pa 82 kumamveka ngati kochepa pa pepala, koma pa dzenje la m'mphepete mwakuthwa, ndi kusiyana kwa kungomva kugunda ndi kupinda rimu.

Msampha umene ambiri amagweramo ndi uwu. Munthu akatupitsa matayala awiri a 225/40 R18, wogulitsa amamuuza kuti atenge 225/45 R18 kuti mnofu uchuluke. Mnofu umachulukadi, koma wilo lafika pa 660, kupitirira la fakitale ndi 4 peresenti. Sipidomita ikamati 80 mumakhala mukuyenda 83, ndipo kamera ya apolisi apamsewu imawerenga liwiro lenileni. Galimoto imanyamuka mwaulesi, ndipo tayala limayamba kukhuza m'madigadi.

Pakhoma pomwepo pali manambala ena awiri oyenera kuwaona. Pambuyo pa saizi pamalembedwa monga 91W: 91 akutanthauza kuti tayala limanyamula makilogalamu 615. Saizi ya 225/40 R18 imapezeka ya 88, yonyamula 560 okha, komanso ya 92 yolembedwa XL, yonyamula 630. Musatsike pansi pa nambala imene galimoto inabwera nayo. Kenako funani manambala anayi kumapeto kwa mzere woyamba ndi DOT: 2319 ndi tayala lopangidwa sabata ya 23 m'chaka cha 2019. La kaunjika likhoza kukhala ndi mizere yozama koma mphira wake utauma ndi ukalamba.

Chiwongolero chikunjenjemera

Dziwani kaye nthawi imene kunjenjemerako kumabwera. Ngati ndi pokhapokha mukaponda buleki, marimu alibe mlandu, kaonetseni madisiki. Ngati kumayamba pa liwiro la pakati pa 80 ndi 110 kenako n'kuchepa, ndi wilo. Kukamveka m'manja ndi lakutsogolo, kukamveka pampando ndi lakumbuyo.

Amene mumakhala kumene tala sanafike, mkati mwa Machinjiri, Chigumula kapena Mpemba, suzumirani kaye mkati mwa rimu. Marimu aakulu amakhala otseguka, matope amalowa n'kuumira mbali imodzi, ndipo chibuluma chaching'ono chimakwanira kugwedeza chiwongolero. Kutsuka kokha kwathetsapo vuto la anthu ambiri.

Mukapita kokachita balansi musakhale m'galimoto kapena kupita kokagula chakumwa. Imani pafupi ndi makina wilo likamazungulira, ndipo muyang'ane mlomo wa rimu wa mkati, uja suoneka wilo lili pa galimoto. Ndi umene umapindika poyamba chifukwa uli kutali ndi masipoko. Rimu yopindika makina amatha kuionetsa ziro ataimata zitsulo zambiri, koma pa msewu imadumphabe. Mukaona akumata mzere wautali wa zitsulo pa wilo limodzi, funsani chifukwa chake.

Ine ndinachita balansi katatu osathandizika, mpaka makaniko wina wachikulire ku Limbe anachotsa wilo, n'kuika chala pakati pa bowo la rimu ndi habu, chitsulo chija chimene wilo limakhalapo. Anandiyang'ana nati, "Achimwene, balansi ilibe vuto. Wiloli silikukhala pakati." Habu ya Golf ndi mamilimita 57.1, pamene marimu ambiri ogula padera amabwera ndi bowo la 73.1 kuti akwane pa magalimoto osiyanasiyana. Mpata umenewo umatsekedwa ndi timikombero ta pulasitiki kapena aluminiyamu, totchipa kwambiri poyerekeza ndi rimu, koma ogulitsa ambiri satitchula n'komwe. Toyota ya mabowo asanu a 114.3 ili ndi habu ya 60.1, Subaru 56.1, Nissan 66.1, BMW ya E46 ndi E90 72.6. Pa Golf ndi BMW, zimene zimamangidwa ndi mabawuti osati manati, kamkomberoka n'kofunika koposa, chifukwa palibe china chogwirira wilo pakati pamene mukumanga.

Pali cholakwika china choopsa kuposa kunjenjemera. Rimu ya 5x114.3, kutanthauza mabowo asanu ondandalikidwa pa bwalo la mamilimita 114.3, imatha kulowa mokakamiza pa galimoto ya 5x112, chifukwa kusiyana kwake n'kochepa. Imalowa, koma bawuti iliyonse imakhala yopendekeka, ndipo imamasuka kapena kuthyoka pakapita nthawi. Wogulitsa akanena kuti "ikwana, bwana, tangoiyesani," musavomere musanaone nambala. Manati nawonso ali ndi mitu yosiyana. A fakitale a Toyota pa marimu a aluminiyamu amakhala afulati okhala ndi wochala, mabawuti a VW ali ndi mutu wobulungira, pamene marimu ambiri ogula padera amafuna mutu wosongoka. Mutu wolakwika umagwira pa kamzere kakang'ono chabe. Mangani ndi sipanala yoyeza mphamvu, 103 Nm pa Toyota zambiri ndi 120 Nm pa Golf 5, osati mnyamata kudumphira pa paipi, ndipo mubwereze mukayenda makilomita 50 mpaka 100.

Galimoto ikudzisankhira njira

Apa pali matenda awiri amene anthu amawasakaniza. Oyamba ndi galimoto yokokera mbali imodzi nthawi zonse. Kukokera pang'ono kumanzere n'kwachibadwa chifukwa msewu umapendekera kumeneko kuti madzi azitsika. Kukapitirira apo, yezani mpweya, kenako sinthanitsani matayala awiri akutsogolo ngati alibe muvi wolozera mbali yozungulira. Kukoka kukasamukira mbali ina, vuto ndi tayala. Kukakhala pomwepo, ndi alayimenti.

Matenda achiwiri ndi amene amabwera ndi marimu aakulu: galimoto imatsatira tinjira timene mathiraki akumba m'tala, imakokedwa ndi chigamba chilichonse, ndipo simungasiye chiwongolero ndi dzanja limodzi ngakhale posintha giya. Mudzazimva bwino pa msewu wa ku Zalewa mukadutsa Lunzu, kumene katundu wolemera wochokera ku Mwanza amadutsa. Tayala lotambalala la khoma lalifupi silipindika kuti limeze kusiyana kwa msewu, m'malo mwake limakwera m'mbali mwa kanjirako n'kukoka chiwongolero.

Gawo lina la khalidweli silitha, ndi mtengo wa matayala otambalala. Koma likafika poopsa, nthawi zambiri wolakwa ndi nambala ya ET, yolembedwa kuseri kwa sipoko. Imanena kuti rimu yalowa mkati kapena yatuluka kunja motani. Rimu ya fakitale ya Golf 5 GTI ndi 7.5J ET51, ndiye kuti m'lifupi mwake ndi mainchi 7.5 ndipo ET yake ndi mamilimita 51. Ambiri amagula 8.5J ET35 chifukwa imadzaza madigadi mokongola. Pamenepo mlomo wakunja watuluka ndi mamilimita pafupifupi 29, ndipo pakati pa tayala pasunthira kunja ndi 16. Wilo likamakhota limazungulira pa mzere umene opanga anaulinganiza ndi pakati pa tayala. Mukalisunthira kunja mwapatsa dzenje lililonse mkono wautali wokokera chiwongolero, ndipo pa galimoto yokoka ndi mawilo akutsogolo mumamvanso chiwongolero chikulimbana nanu mukaponda mafuta potuluka pa raundabauti. Mabering'i nawo amatha msanga. Masipesa, zitsulo zoika pakati pa habu ndi rimu kuti wilo lituluke kunja, amachita zomwezo. Ine sindipitirira mamilimita 5 mpaka 10 kuchoka pa ET ya fakitale, ndipo ndikaona rimu yokongola ya ET yolakwika ndimaisiya.

ET ikakhala bwino, kwezani galimoto pa jeke. Gwirani wilo kumanzere ndi kumanja n'kuligwedeza: likamasewera, ndi matayirodi. Gwirani pamwamba ndi pansi: ndi bojointi kapena bering'i. Mabushi aoneni ndi tochi makaniko akuwapanikiza ndi chitsulo. Pa E46 mabushi a mikono yakutsogolo amadziwika ndi kutha msanga, ndipo pa Altezza musanyalanyaze mabojointi apansi. Magalimoto amenewa ali ndi zaka zambiri, ndipo tayala la mnofu wambiri linkabisa kusewera kumene lopyapyala likuulula. Alayimenti ichitike pomaliza, zakuthazo zitasinthidwa, ndipo ikhale ya mawilo onse anayi. Kuichita pa mabushi akutha n'kutaya ndalama, imasokonekera musanafike pa Ginnery Corner.

Pokhota ikudumphadumpha kapena kutaya kumbuyo

Ili ndi vuto limene limandidetsa nkhawa kuposa onse, chifukwa ndi limene limagwetsa galimoto m'ngalande.

Tayala limagwira msewu pokhapokha likuukhudza. Wilo likagunda kabampu limaponyedwa m'mwamba, ndipo ntchito ya sipuling'i ndi shoko ndi kulibwezera pansi msanga. Wilo lolemera limachedwa kubwerera. Pa kona yosalala simuona kanthu, koma pa kona ya zigamba, monga zimene mungakumane nazo potsika phiri kupita ku Thabwa, galimoto imasuntha cham'mbali pang'onopang'ono pa bampu iliyonse. Pimani wilo lakale ndi latsopano, ngakhale pa sikelo yopachika ya ogula chimanga. Marimu otchipa ongotengera maonekedwe a marimu otchuka amakhala olemera kwambiri, ndipo makilogalamu atatu kapena anayi oonjezera pa wilo lililonse ndi katundu wamkulu kwa mashoko amene ayenda kale makilomita oposa 100,000. Kukankha galimoto ndi manja pamadigadi sikuonetsa bwino shoko yotopa. Yang'anani ngati ikudontha mafuta, ndiponso ngati tayala likutha modumphadumpha, pena pokwera pena potsika mukalisisita ndi dzanja.

Magazini ya ku America ya Car and Driver inayesa zimenezi mu 2010 pa Golf imodzi, kuiveka marimu kuyambira 15 mpaka 19. Kugwira msewu pokhota kunakwera mpaka pa 18, koma a 19 sanapose a 18. Galimoto inkachedwa kunyamuka marimu akamakula, ndipo pa 19 inkamwa mafuta ochuluka ndi pafupifupi 10 peresenti poyerekeza ndi pa 15. Kumeneko kunali pa bwalo losalala loyesera magalimoto. Anyamata ena amanena kuti ngakhale Formula 1 inachoka pa marimu a 13 kupita pa 18 mu 2022, zomwe ndi zoona, koma magalimotowo anawapanga mwatsopano kuti agwirizane ndi mawilowo, pamene ife timasintha wilo lokha n'kusiya zina zonse mmene zinalili.

Mpweya nawo umanamiza. Tayala lopyapyala limaoneka lodzaza ngakhale litatsika kwambiri, ndipo kulimenya ndi phazi sikukuuzani kanthu. Gulani geji yanu, muziyeza m'mawa matayala asanatenthe. Yambirani pa nambala imene ili pa chipilala cha chitseko cha dalaivala, kapena kuseri kwa kachitseko ka thanki pa Golf, ndipo mukhoza kuonjezera pang'ono, monga 0.2 bar, makamaka pa matayala a XL. Ena amapopa mpaka 3.0 pofuna kuteteza rimu. Akatero tayala limauma ngati mwala, limakhudza msewu ndi pakati pokha, ndipo kudumpha kuja kumawirikiza.

M'dzinja zinthu zimasinthanso. Tayala lotambalala limakhala ndi madzi ambiri oti liwakankhe, choncho limayamba kuyandama pa liwiro lotsika kuposa lopapatiza, makamaka mizere ikamatha. Timapiri ta m'mizere ya tayala timasonyeza mamilimita 1.6, koma kwa mvula ya mu Januwale musadikire kufika pamenepo. Ngati mukugula awiri okha, atsopanowo apite kumbuyo, kaya galimoto imakoka ndi kutsogolo kapena kumbuyo. Kutsogolo kukatsetsereka mumachotsa phazi pa mafuta galimoto n'kubwerera. Kumbuyo kukatsetsereka galimoto imazungulira, ndipo tayala la khoma lalifupi silichenjeza: limagwira, limagwira, kenako n'kutaya kamodzin'kamodzi. Pa kaunjika samalani ndi matayala olembedwa STUDLESS. Ndi a m'chipale chofewa cha ku Japan, mphira wake ndi wofewa, ndipo pa tala wotentha wa mu Okutobala amakhala wedewede pokhota ndi kutalikitsa mtunda woimira.

Eni ake a Subaru yokoka ndi mawilo onse anayi, matayala onse anayi akhale a saizi imodzi, mtundu umodzi, ndi kutha kofanana. Mawilo onse anayi ndi olumikizana, ndipo kusiyana kwa kutalika kumadya mwakachetechete difu yapakati, imene imagawa mphamvu pakati pa mawilo akutsogolo ndi akumbuyo. Pa galimoto yokoka ndi kutsogolo musatengere BMW kuika otambalala kumbuyo, mumangoichititsa kukana kukhota.

Kukhuza m'madigadi

Pakani choko pamapewa a tayala, mukhotetse chiwongolero mpaka kumapeto mbali zonse, kenako mukweze anthu atatu kumbuyo n'kudutsa pa hampu. Pamene choko chafufutika ndi pamene pakukhuza. Kukhuza kunja ndi ET yotsika kapena wilo lotalika, kukhuza mkati pa shoko ndi ET yokwera. Pulasitiki wa mkati akhoza kukonzedwa, koma tayala likamakhudza mlomo wachitsulo wa madigadi lisiyeni kuyenda, chifukwa umalicheka. Ngati masipuling'i anadulidwa kuti galimoto itsike, yambani mwachotsa amenewo.

Chotupa pakhoma ndi tayala lotsika usiku uliwonse

Chotupa ndi ulusi wa mkati umene unaduka pamene khoma linapanidwa pakati pa rimu ndi m'mphepete mwa dzenje. Sichimatidwa, sichiikidwa chubu, ndipo kuchisamutsira kumbuyo sikuchichiza. Tayala lotero lingaphulike nthawi ina iliyonse. Onani ndi mbali ya mkati, chifukwa zotupa zambiri zimabisala kumeneko. Chichokereni namondwe wa Freddy mu Malichi 2023 tonse tinaona mmene madzi amadyera misewu ya mumzinda uno, ndipo dzenje lodzaza madzi siliulula kuya kwake. Mukalephera kulizemba, pondani buleki musanafike, n'kuisiya wilo lisanalowe. Kulowa mutaponda buleki kumaunjika kulemera konse pa wilo lakutsogolo.

Tayala likamatsika popanda msomali, thirani madzi a sopo kuzungulira mlomo wa rimu mbali zonse ziwiri. Thovu likatuluka pamlomo wa mkati, rimu yapindika kapena yang'aluka. Kupindika pang'ono pamlomo amakuwongola ndi makina. Mng'alu wa pa sipoko kapena pafupi ndi mabowo a manati si wowotcherera, rimuyo yatha. Chenjeraninso ndi kukokera tayala lopapatiza pa rimu yotambalala kuti lioneke lotambasuka: 225/40 R18 imafuna rimu ya pakati pa 7.5J ndi 9J, ndipo kupyola malire a tayala kumasiya mlomo wa rimu pamtunda, woyamba kukumana ndi mwala.

Ganizirani ndi za ulendo. Mukaphulitsa 235/35 R19 ku Nchalo kapena ku Mwanza, mwayi wopeza lina pomwepo ndi wochepa, ndipo kasipeya kopyapyala kaja malire ake ndi liwiro la 80.

Mukachita zonsezi galimoto n'kukhalabe yosakhazikika, tsikani ndi inchi imodzi. Kwa magalimoto amene ndatchula aja, ndimaona kuti khoma likatsika pansi pa mamilimita 90 misewu yathu imayamba kupambana. Inchi imodzi pamwamba pa ya fakitale, rimu yopepuka, ET yoyandikira ya fakitale ndi tayala labwino zimapereka kumvera kuja mumakufuna popanda kuluza kugwira msewu. Ndalama imene mukanaonjezera pa rimu yaikulu ikagwira ntchito yaikulu pa mtundu wabwino wa tayala ndi mashoko atsopano.

Marimu anga a 19 ndinawagulitsa, nditamuuza wogulayo za imodzi imene inawongoledwa. Ndinabwezera a 17 a fakitale aja, ndinasintha mabushi awiri akutsogolo ndi mashoko akumbuyo, n'kuchita alayimenti ya mawilo anayi. Loweruka lotsatira ndinanyamuka m'mamawa kudzera ku Limbe ndi Bvumbwe mpaka m'minda ya tiyi, ndipo pa makona aja chiwongolero chinakhala phee m'manja.